Ndege Yachitatu ya Agogo a Damiano

Sabata yapitayi ndikudutsa pamsika ndinamva fungo la pulasitiki wosungunuka, lochokera kwa bambo wina amene ankamata ndowa yong'aluka, ndipo ndinaima pakati pa njira mpaka wanjinga wina anandiimbira belu. Fungo limenelo ndi la agogo a Damiano. Limandibwezera pakhonde la nyumba yawo yaudzu, kumudzi kwathu kufupi ndi Bembeke, m'mawa wa m'nyengo yozizira, chifunga chitaphimba minda ya kachewere, utsi wa makala ukukwawa pansi, nkhuku zitaunjikana pafupi ndi nkhokwe, ndipo agogo atakhala pa kampando kawo, chipewa chaubweya chitafika m'makutu, mbaula ili pakati pa miyendo, maso ali pa supuni yakuda imene anaisanjika pamakala. M'supunimo munkasungunuka guluu. Akasungunuka ankatulutsa kautsi kopyapyala, ndipo agogo ankachotsa supuniyo pamoto n'kuigwira m'malere, osalankhula, osacheuka, mpaka kautsiko kataleka. Apo m'pamene ankamata.

Sanali agogo anga ondiberekera mayi. Agogo anga aakazi, a Nambewe, anakwatiwa nawo atakula kale, amuna awo oyamba atamwalira, ndipo mwana sanabereke nawo. A Damiano anali a ku Mayani. Anabwera m'mudzi mwathu monga amabwerera amuna kwathu, ngati mkamwini, kudzakhala kwawo kwa mkazi, kulima munda wa mkazi ndi kumwa madzi a pachitsime cha eni ake. Ine ndinabadwa iwo ali kale pakhonde paja, choncho agogo aamuna ena sindinawadziwe.

Ntchito yawo inali yokonza mawailesi. Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene munthu aliyense ankafuna kudzimvera yekha nkhani m'malo mozimvera kwa mnzake, ndipo mawailesi amene anagona nthawi yaitali pansi pa bedi anatuluka onse kudzafola pakhonde la agogo. Mwa anthu amene ankawabweretsera ntchito munali wansembe wina wachizungu wa ku mishoni. Pobwerera kwawo atakalamba, wansembeyo anawasiyira katoni ya zinthu zimene anazisunga zaka zambiri osazigwiritsa ntchito. Munali kabokosi kowongolera ndege yachidole, kokhala ndi eriyo yaitali ndi timitengo tiwiri tokankha ndi zala. Munali timakina ting'onoting'ono toika m'ndegemo, tomvera kabokosiko patali, pepala lojambulidwa mapiko, kamfuti kamagetsi kosungunulira guluu, ndi guluu yemweyo, wowumbidwa ngati makandulo, okwana khumi ndi awiri. Ndege yeniyeniyo munalibe, injini munalibenso. Magetsi m'mudzi mwathu munalibe, n'chifukwa chake kamfuti kaja kanasanduka chopsinjira mapepala, ndipo ntchito yake inagwera supuni ya agogo aakazi.

Za injini agogo sanadandaule. Ankati khungubwe alibe injini. Kuseri kwa mudzi kuli chitunda chachitali choyang'ana kumene kumachokera mwera, ndipo mphepoyo ikawomba imakwera ndi chitundacho, mwakuti akhungubwe amangotambasula mapiko n'kulendewera pamenepo osakupiza. Agogo ankafuna ndege yochita chimodzimodzi. Chofunika chinali chakuti ipepuke. Ankaipanga ndi chinthu choyera chopepuka chija chimene amatchinjirizira wailesi yatsopano m'katoni, chimene iwo ankachitchula kuti kelaiti. Ankamutola m'masitolo a ku Dedza Boma ndiponso m'mabokosi otayidwa amene munkabwera mankhwala ofuna kuzizira, n'kumumangirira pakaliyala ya njinga mulu wautali kuposa mutu wawo. Ankamudula ndi waya wa buleki wotenthetsa pamakala, ndipo wayayo ankadutsa mwa kelaiti mosavuta, akulira pang'ono, n'kusiya fungo loluma m'mphuno. Msana wa phiko unali nsungwi yosendedwa mpaka kupyapyala ngati udzu. Guluu ndiye ankavuta. Akatentha kwambiri ankadya kelaiti n'kusiya dzenje, akazizira sankagwira, ndipo akachuluka ankalemera.

Agogo aakazi ankazionera zonsezi podutsa ndi khasu paphewa kupita kudimba. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wokonda kuseka. Ine ankanditchula kuti amuna awo aang'ono, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ndipo ankati tsiku lina adzawasiya achikulirewo n'kukhala ndi ine chifukwa ine sindinkaba masupuni. M'mawa uliwonse ankaima pafupi ndi mbaula n'kufunsa ngati ndege ya ku Lumbadzi yatsala pang'ono kunyamuka, poti anali ndi kabichi wofuna kukagulitsa ku Joni.

"Sekani lero, a Nambewe," ankatero agogo aamuna, osadzutsa mutu. "Tsiku lake mudzayang'ana kumwamba mpaka duku kugwa."

"Ikadzauluka mudzandiitane. Zokwera chitunda kukaonerera zinthu zikugwa ine ayi, mawondo anga ndi omwewa."

"Ndidzakuitanani."

Ndege yoyamba inagwa ngati dzungu. Agogo anaimata mowolowa manja poopa kuti ingathyoke, ndipo inalemera. Yachiwiri anaipanga chaka chotsatira, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndi amene ndinkaiponya, iwo atagwira kabokosi. Imeneyo inachoka m'manja mwanga n'kuyandama, kukhotera kumanja pamene agogo anaikhotetsa, kukhala m'malere kwa nthawi yoti munthu n'kunena Atate Athu mpaka pakati, kenako inapendekeka n'kukadziwomba mphuno pamwala. Ine ndinali nditayamba kale kuthamangira kudimba. Agogo anandiitana kuti ndibwerere. Ndinawauza kuti yauluka, ndaona ndi maso anga, ndikukawaitana agogo aakazi kuti adzaone ngakhale zidutswa.

"Kumeneko si kuuluka," anatero. "N'kuchedwa kugwa. Tidzawaitana ikadzauluka zenizeni."

Mvula ya chaka chomwecho ili pakati, agogo aakazi anadwala chibayo. Anagona masiku anayi kuchipatala, lachisanu anabwera nawo m'bokosi. Za maliro ndimakumbukira matope ofiira, nyimbo za amayi a mpingo, ndi agogo aamuna atavala jekete yawo ya patchalitchi, ataima kumbuyo kwa amuna a m'mudzimo ngati mlendo. Titabwerako kumanda ndinawapeza atakhala pa kampando kaja, mbaula ili yozima. Anandisunthira malo kuti ndikhale nawo. Patapita nthawi anati, "Bwanawe, tonse awiri taferedwa." Sindinawaone akulira, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kwathu mkazi akamwalira, mkamwini amakhalabe m'mudzimo mpaka tsiku lometa maliro kachiwiri, limene limabwera anthu akakolola n'kufulula mowa. Atameta, abale a mkazi amamusudzula, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo. Wokalamba amene ali ndi ana m'mudzimo kawirikawiri amamusiya kuti akhale. Agogo analibe. Amene anabwera kudzawauza anali a Zuze, mlongo wawo wa agogo aakazi, mwini mbumba yathu, munthu wamtali wokonda nthabwala amene kwa zaka zonsezo ankasewera nawo bawo pansi pa mtengo wa pichesi. Anawauza kuti kumeta kudzakhala kumapeto kwa Ogasiti, ndipo kuti munda ndi nyumba zikuyembekezeredwa ndi mdzukulu wina amene anali atangokwatiwa kumene. Amayi anga atamva anafuna kukakangana nawo amalume awowo, koma agogo anawaletsa. Anati mwambowo anaupeza, ndipo ankaudziwa tsiku limene ankalowa m'mudzi muno.

Sabata yomweyo anayatsa mbaula n'kuyamba ndege yachitatu. Makandulo a guluu anali atatsala anayi.

Anthu ankati chisoni chawasokoneza mutu. Amayi ankawabweretsera chakudya n'kuchipeza madzulo chitazizira, chitagweredwa tizidutswa toyera ta kelaiti. Ine sindinamvetse chimene ankafulumirira mpaka tsiku limene ananditenga kupita kwa a Zuze. Manda a mudzi wathu ali m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu, m'munsi mwa chitunda chija, kutsogolo kwake. Munthu salowamo popanda maliro. Komanso m'nkhalango yomweyo ndi mmene muli malo a gule wamkulu, ndipo agogo, pokhala Mkatolika wochokera kwina, anali asanagule njira, monga amanenera olowa gule. Chiikire maliro anali asanafikenso pamanda a mkazi wawo, ndipo sakanatha kufikapo.

Tinawapeza a Zuze akusoka mphasa. Atalonjerana, agogo anati abwera ndi funso.

"Alamu, malire a manda amathera pati?"

"Pa mitengo yomaliza ija. Mukudziwa kale."

"Ndikunena kumwamba."

A Zuze anaika singano pansi, kuwayang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati makolo sanaikepo malire kumwamba, chifukwa akhungubwe amadutsa tsiku lililonse osapempha kwa munthu. Kenako nkhope yawo inasintha. Anafunsa ngati ndi za ndege ija, ndipo agogo anavomera. Agogowo anati a Nambewe anawauza kuti ndege ikadzauluka adzawaitane, tsopano poti iwo sangabwere kuchitunda, ndegeyo ndiyo ipite kumene ali.

"Koma alamu, ikagwera mkati muja yapita," anatero a Zuze. "Inu simungalowe, mwanayu sangalowe, ndipo ine sindikakutolerani. Si zokhazo. Anthu adzati mwawatayira zinyalala ogona muja, kumeta kuli pafupi. Mwakhala nafe bwino zaka zonsezi. Musachoke ndi mlandu."

"Sidzagwa."

"Ziwiri zija zinagwa."

"Zija zinali zophunzirira."

Miyezi yotsatira inali ya kuzizira kwa ku Dedza, kumene kumalowa mpaka m'mano. Agogo ankadzuka kusanache bwino, kukonza mawailesi a anthu mpaka dzuwa litafika pamwamba pa mtengo wa pichesi, kenako n'kutulutsa phiko. Linali lalitali kuposa mikono yanga nditaitambasula. Ankalipala ndi sandipepala pang'onopang'ono, fumbi loyera likuwakhala m'nsidze, n'kumaliyang'ana cham'mbali ndi diso limodzi ngati mmisiri woyang'ana thabwa. Guluu sankamupakanso mzere monga kale. Ankadontheza dontho, kudumpha malo okwana zala zitatu, n'kudonthezanso. Akamata chilichonse ankanyamula ndege yonseyo pa nsonga za zala ziwiri, pansi pa phiko, kuti aone ngati ikuweramira kutsogolo kapena kumbuyo. Mabatire atsopano ankayenda nawo m'thumba la malaya, pafupi ndi thupi, poti ankati kuzizira kumawamwa mphamvu.

Kutatsala masabata awiri kuti timete, ntchito imene inatsala inali yomata phiko lamanzere pamene limakumana ndi lamanja. Ndinali pomwepo. Supuni inali itangochoka pamakala, kautsi kakutulukabe. Kuseri kwa nyumba amayi anga ankacheza ndi mnzawo, ndipo mwadzidzidzi anaseka, koyamba chichitikire maliro. Kuseka kwa amayi n'kofanana ndi kwa mayi awo. Agogo anacheuka msangamsanga, dzanja linapendekeka, ndipo guluu wotentha uja anakhuthukira paphiko. Anadya kelaiti tikuona. Pamene agogo ankabweza maso panali dzenje loti n'kulowa chibakera changa, nsungwi ikuonekera mkati.

Analiyang'ana dzenjelo nthawi yaitali. Makala anathetheka m'mbaula, amayi anapitiriza kucheza osadziwa kanthu. Agogo anangoti, "Ndafulumira," n'kulowa m'nyumba. Guluu amene anatsala sanakwane ngakhale theka la kandulo, ndipo m'masitolo a ku Boma guluu wotere kunalibe. Wina amene ankagulitsidwa kumeneko, wa m'timachubu, anali atamuyesa kale, ndipo ankasungunula kelaiti ngati mchere m'madzi.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atatsitsa kudenga zidutswa za ndege ziwiri zoyamba zija, zimene ankasunga pamwamba pa mitanda, zitada ndi mwaye. Anali ndi lezala m'manja. Ankatsata mzere uliwonse umene anamatapo kale, kutokosola guluu wouma, kumupala kuti kelaiti achoke, n'kumuponya m'kachitini ka polishi. Tizidutswato tinali ngati mpunga. Anatola masiku atatu, magalasi ali pansonga ya mphuno, zala zitachekekachekeka. Ndege yoyamba ija, imene inagwa chifukwa cha kuchuluka kwa guluu, ndi imene inapereka wambiri, ndipo agogo anati sankadziwa kuti nthawi ija ankasunga m'nkhokwe. Guluu wobwerezayo atasungunuka anali wofiirira ngati uchi wakale, wonunkha kupsa, koma ankagwira. Anadula chigamba pa chivundikiro cha bokosi la mankhwala n'kutseka dzenje lija. Phiko lamanzere linalemerako, choncho anabaya kamsomali kunsonga ya lamanja kuti afanane.

Ndege itatha, mphepo inaleka.

Kwathu mwezi umenewo mwera sumasowa. Umagwetsa zovala pachingwe ndi kusasula udzu pamadenga. Koma sabata imeneyo kunja kunangoti zii. Amayi a m'mudzi anatereka migolo ya mowa pamafuwa pabwalo la a Zuze, ndipo utsi wake unkakwera molunjika ngati mzati. Aliyense ankadziwa kuwerenga masiku a mowa: lotereka, lothira chimera, lousiya kuti ugone, lokuntha, kenako lometa. Tsiku lililonse masana tinkakwera chitunda, ine nditanyamula phiko, iwo thupi la ndege ndi kabokosi. Pamwamba agogo ankazula udzu wouma n'kuutaya m'mwamba, ndipo unkagwera pa nsapato zawo. Akhungubwe ankadutsa akukupiza mapiko mwakhama ngati nkhuku. Tinkakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka, tikuyang'ana nkhalango ija ili phee m'munsimo, n'kutsika. Sanadandaule. Potsika ankangoti mawa tibwere molawirirako.

Tsiku lokuntha mowa, kumeta kuli mawa lake, m'mawa kunalinso bata. Tinakwerabe. Cha m'ma thiri koloko ndinamva kuzizira kukundigwira m'makutu, kenako udzu wa pachitunda unayamba kugona. Agogo sanazule kanthu. Anangoloza ndi chibwano. Kutsogolo kwathu akhungubwe awiri anali atalendewera m'malere, mapiko ali chitambasukire.

Tikumanga phiko ndi malegeni tinamva munthu akupuma mwaphuma kumbuyo kwathu. Anali a Zuze, akununkha mowa wolawa, chipewa atachigwira ndi dzanja kuti chingauluke. Anati abwera kudzaona ndi maso awo, kuti ngati pakhale mlandu asadzaumvere kwa anthu. Mphepo inali itakula. Nditanyamula ndege pamwamba pa mutu inayamba kundikoka, mapazi anga akuterereka pa udzu.

"Bweretsa kuno, iwe ungauluke nayo limodzi," anatero a Zuze.

Agogo anawayang'ana alamu awo kanthawi, n'kuvomera. Anawaonetsa pogwira. "Musaiponye ngati mwala. Ikankheni molunjika, mphuno itawerama pang'ono, ngati mukupereka mbale kwa munthu."

A Zuze anaipereka. Ndege inachoka m'manja mwawo n'kutsika, kutsikabe, mpaka ndinaona msana wake woyera uli m'munsi mwa mapazi athu. Kenako mphepo inainyamula. Inakwera mwakachetechete, popanda phokoso lina koma kamluzu kakang'ono ka mphepo pa mapiko, n'kudutsa pamwamba pa mitu yathu. Agogo anaiyendetsa motsata chitunda, kupita kumanja, kuitembenuza, kubwera kumanzere, ndipo ulendo uliwonse inkakwererako, mpaka inachepa ngati njiwa. Zala zawo zinkangosuntha pang'ono chabe pa timitengo tija. Akhungubwe aja anaiyandikira, kuizungulira, n'kuisiya. Ndinanena Atate Athu mumtima mpaka kumapeto, kubwerezanso, ndipo inali idakali m'mwamba.

Itakwera mokwanira, agogo anailozetsa kumanda. Kumeneko n'kutali ndi chitunda, ndipo mphepo yokweza sifikako, choncho ndege inkapita ikutsika pang'onopang'ono. Inafika pamwamba pa nkhalango n'kuzungulira kamodzi. Dzuwa linawala pansi pa mapiko ake. Pozungulira kachiwiri ndinamva agogo akulankhula, osati mokweza, koma ndi mawu amene ankalankhulira pakhonde.

"A Nambewe, ndakuitanani. Yang'anani kumwamba."

A Zuze anavula chipewa. Kumudzi, kuchokera pa migolo ya mowa, kunamveka mawu a amayi akuitanizana.

Kuzungulira kwachiwiriko kunadya mtunda wambiri. Pamene agogo ankaitembenuza kuti ibwerere, ndege inali itatsika pafupifupi kufanana ndi nsonga za mitengo, ndipo phiko lachigamba lija linkagwera pansi. Pakati pa ndegeyo ndi minda panali patatsala mitengo ingapo, womaliza wake wamtali kuposa inzake. A Zuze anayamba kupondaponda.

"Ikwezeni, alamu. Ikwezeni mphuno."

Agogo sanaikweze. Ankadziwa chimene anaphunzira pa ndege yachiwiri, kuti ukaikweza mphuno ilibe liwiro imaima n'kugwa pomwepo. M'malo mwake anaiweramitsa, kuilozetsa pakati penipeni pa mtengo wautali uja. Inathamanga. A Zuze anagwira kumutu. Itatsala pang'ono kugunda, agogo anakoka kamtengo kaja, ndege inadumpha, masamba a pansonga anagwedezeka, ndipo inatulukira mbali ya kuno n'kukagwera m'mizere ya munda wa kachewere wokumbidwa kale. Tinaona kafumbi kofiira, ndi phiko limodzi likudzuka n'kugonanso.

A Zuze anatsika chitunda patsogolo pathu, akuterereka ngati mnyamata. Atafika sanayambe n'kuyang'ana ndege. Anapita kukaima pa mtengo womaliza uja n'kuyamba kuyenda molunjika, akuwerenga mapazi mokweza kuti amene anathamangira kumeneko amve. Anafika pamene inagwera atawerenga khumi ndi atatu.

"Mlandu palibe," anatero.

Agogo anagwada m'mizere n'kutola ndege yawo. Phiko linali litathyoka pa chigamba pomwe paja. A Zuze anawalandira kabokosi n'kuwapindira eriyo. Anthu ankayembekeza kuti agogo anenapo kanthu. Iwo anatembenuza phikolo uku ndi uku n'kunena kuti lamanzere likulemerabe.

Mawa lake tinametedwa tonse, ndipo mphepo inkatiwawa pa mipala. Madzulo akuluakulu anakhala pabwalo, a Zuze n'kunena mawu osudzula: kuti a Damiano anawasunga bwino mlongo wawo, anawadwazika, anawaika, ndipo tsopano ndi omasuka kupita kwawo ndi kukwatira ngati afuna. Pakati pa mawuwo a Zuze anaima, kukonza kukhosi, n'kunamizira fodya. Agogo anawomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza. M'mawa mwake anabweza mawailesi awiri amene anatsala kwa eni ake, onse atawakonza, anasesa m'nyumba ndi pakhonde, n'kumangirira pa njinga bokosi la zipangizo, bulangete ndi ndege yothyokayo. Sanakwere. Ankaikankha, phiko loyera litatulukira kumbuyo. Ndinawaperekeza mpaka pa kamlatho ka mitengo kotulukira m'mudzi, ndipo pamenepo anandiuza kuti ndibwerere, kukuzizira.

Ndinakawaona kamodzi kokha ku Mayani, ndili ku sekondale. Ankakhala kwa mwana wa mlongo wawo, akukonzabe mawailesi, maso atayamba kuchita khungu. Ndinali nditawapezera makandulo a guluu ku Lilongwe, ndipo ndinawafunsa ngati tingapange yachinayi. Anawalandira, kuwanunkhiza, n'kundibwezera. Anati alibenso womuitana. Anamwalira ine ndili chaka chachiwiri ku koleji, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Mkazi wanga, Tadala, anamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Tinakhala m'banja zaka zitatu. Tinkakhala m'tauni chifukwa cha ntchito yanga yauphunzitsi, koma tinamanga kanyumba ka zipinda ziwiri kwawo, pamalo amene amayi ake anatipatsa. Amalume ake atumiza uthenga kuti kumeta kudzakhala Loweruka lomaliza la mwezi uno. Anzanga amene ndinaphunzira nawo akuti ndisavomere, malata ndinagula ndine ndipo malamulo alipo. Ndawamva, koma sindikukakangana ndi munthu. Ndidzakhala pamphasa, ndidzamva mawuwo, ndidzawomba m'manja.

Chimene chatsala n'chimodzi. Tadala ankafuna kuti pabalaza pa kanyumbako pakhale pobiriwira. Penti anasankha yekha, zitini ziwiri, ndipo ine ndinamuuza kuti asaitane munthu, ndidzapaka ndekha. Ndinkati mvula ithe kaye, kenako ndinkati ndimalize kuchonga mayeso. Zitinizo zili pakona mpaka lero, zosatsegula. Ndapempha tchuthi kuyambira Lachitatu. Apongozi anga atamva anandifunsa pafoni chifukwa chimene ndikudzivutitsira ndi nyumba imene ndikuisiya, ndipo ndinangowayankha kuti ndinalonjeza. Iwo anati adzandisungira makwerero.

Burashi ndagula kale. Ndidzapaka koyamba Lachitatu, kachiwiri Lachisanu m'mawa. Khoma la kumwera silionana ndi dzuwa nyengo ino ndipo limachedwa kuuma, choncho ndidzayambira limenelo.